Chinkhanira chimodzi, mayina atatu: kuyankha aphunzitsi a sayansi

Ndalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a sayansi pa sukulu ina ya sekondale, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiyankhire pano kuti ena amve nawo. Iwo alemba motere: "Ana anga anapeza chinkhanira chachikulu, chakuda, cha zopanira zonenepa, pamene amalambula kuseri kwa kalasi. Nditafufuza pa intaneti ndinapeza zithunzi zofanana nacho, koma pena alemba Pandinus viatoris, pena Pandinurus viatoris, pena Pandipalpus viatoris. Kodi ndi zinkhanira zitatu kapena chimodzi? Amatcha mayinawa ndani, ndipo n'chifukwa chiyani amangosinthasintha? Ndikufuna ndikawauze ana zoona."

Zikomo kwambiri aphunzitsi. Mayina atatuwo ndi a chinkhanira chimodzi, chomwe chimapezeka kuno kwathu komanso ku Zambia, Mozambique, Tanzania ndi ku Congo. Limene akatswiri ambiri akulemba masiku ano ndi lomalizalo, Pandipalpus viatoris. Awiri enawo si abodza, ndi akale chabe. Koma ana ofunsa sangakhutire ndi yankho lotere, ndiye tiyeni tiyambire patali pang'ono.

Dzina lasayansi la nyama iliyonse lili ndi mbali ziwiri. Loyambalo ndi la gulu, ndipo limayamba ndi chilembo chachikulu. Lachiwiri ndi la mtundu weniweniwo, ndipo limayamba ndi chilembo chaching'ono nthawi zonse. Kwa ana mukhoza kunena kuti loyambalo lili ngati mfunda, lachiwiri ngati dzina la mwini wake. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu safufutidwa mfunda, pamene chinkhanira amachisamutsa akazindikira kuti anachiika pakati pa omwe si abale ake enieni. Mukaonetsetsa mayina anu atatu aja, viatoris sanasunthe. Chasintha ndi gulu lokha.

Kalembedwe kameneka anakakhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo pa nyama chiyambi chake chimawerengedwa kuchokera mu 1758, pamene buku lake la Systema Naturae linasindikizidwa kachikhumi. Iye anatchula mitundu 6 yokha ya zinkhanira, mu 1758 ndi mu 1767, yonse m'gulu limodzi la Scorpio, ndipo anaziphatikiza ndi tizilombo topanda mapiko. Mu 1801 Jean-Baptiste Lamarck wa ku France anazipatula n'kuziika pamodzi ndi akangaude ndi nkhupakupa, momwe zilili mpaka lero. Mu 1837 Carl Ludwig Koch wa ku Germany anazigawa m'mabanja anayi (banja ndi magulu angapo apachibale) powerenga maso azo. Lero mitundu yodziwika yapitirira 2,500, m'mabanja oposa 20. Gulu limodzi lija silikanatha kunyamula zonsezi, lidayenera kung'ambika, ndipo lakhala likung'ambika kwa zaka zoposa 200.

Chinkhanira chomwe mukufunsachi chinalembedwa koyamba mu 1890 ndi Reginald Innes Pocock, yemwe ankagwira ntchito ku myuziyamu ya zachilengedwe ku London. Iye anachitcha Scorpio viatoris. Kenako chinasamutsidwira ku Pandinus, gulu la zinkhanira zikuluzikulu za mu Africa, komwe kulinso Pandinus imperator, chinkhanira chakuda chotchuka cha kumadzulo kwa Africa chomwe azungu amaweta m'nyumba. Chinakhala m'menemo zaka zambiri, n'chifukwa chake mabuku akale ambiri ndi masamba ambiri a pa intaneti ali ndi dzina limenelo. Mu 2015 Andrea Rossi wa ku Italy anagawa Pandinus, ndipo chathuchi chinapita ku Pandinurus, m'kagulu kakang'ono komwe anakatcha Pandipalpus. Mu 2020 Lorenzo Prendini, wa ku South Africa koma wogwira ntchito ku American Museum of Natural History ku New York, pamodzi ndi Stephanie Loria, anaunikanso banja lonse la Scorpionidae, momwe muli chinkhanira chathuchi, poona matupi ndi DNA (chinthu cha m'thupi chomwe chamoyo chimatengera kwa makolo ake), ndipo Pandipalpus inaima payokha ngati gulu lathunthu. Pa bolodi mukalembe motere: Pandipalpus viatoris (Pocock, 1890). Mabulaketiwo si okongoletsa. Amauza owerenga kuti Pocock anachiika m'gulu lina, ndipo chinasamutsidwa pambuyo pake. Dzina la munthu likakhala lopanda mabulaketi, ndiye kuti mtunduwo udakali pomwe mwini wake anausiya.

Tsono pa funso lakuti amatcha ndani. Palibe ofesi yomwe imagawa mayina. Aliyense amene wafufuza n'kutsimikiza kuti mtundu wina sunalembedwepo akhoza kuutcha dzina, bola atsate malamulo a International Code of Zoological Nomenclature, omwe ndondomeko yake yatsopano inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2000. Ayenera kufotokoza chomwe chikusiyanitsa mtunduwo ndi abale ake, asindikize poyera, ndipo asankhe chinkhanira chimodzi chakufa chomwe chidzasungidwe kuti chikhale mboni ya dzinalo. Ichi ndiye chofunika kwambiri pa nkhani yonseyi. Dzina limamangiriridwa ku chinkhanira chenicheni, chili m'botolo la spiriti, chili ndi kapepala kolemba malo ndi tsiku lomwe chinagwidwa. Pakabuka mkangano ngakhale patatha zaka 100, anthu amapita kukatsegula botolo lomwelo n'kuyang'ananso. Lamulo lina ndi lakuti woyamba ndi woyamba. Anthu awiri akatcha mtundu umodzi mayina osiyana osadziwana, lakale ndi lomwe limapambana, linalo limangosungidwa m'kaundula ngati dzina lina la chinthu chomwecho.

Mabotolo a zinkhanira za dera lathu lino ambiri ali kutali. Wilhelm Peters wa ku Germany anayenda ku Mozambique m'zaka za m'ma 1840, mpaka ku Tete m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1861 anafotokoza mitundu yomwe lero timaitcha kuti Parabuthus mossambicensis, Opistophthalmus glabrifrons, Hottentotta trilineatus, ndi Hadogenes troglodytes, chinkhanira chaphwatalala cha m'ming'alu ya miyala chomwe chachimuna chake chimafika masentimita 20 kutalika. Zomwe anatola Peters zinapita ku Berlin, za Pocock zili ku London. Ine izi zimandipweteka mtima. Mwana wa kuno amene angafune kutsimikiza dzina la chinkhanira cha kuseri kwa kalasi yake ayenera kudalira botolo lomwe sangalifikire popanda viza ndi ndalama za ndege. Chotithandiza n'chakuti mamyuziyamu ena ayamba kujambula zosunga zawo n'kuziika pa intaneti.

Nanga akatswiriwo amayang'ana chiyani? Khungu kuda kapena kufiirira sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mtundu umodzi ukhoza kusiyana maonekedwe malinga ndi dothi la komwe ukukhala. Mukachitembenuza chinkhanira chakufa chagada, kuseri kwa miyendo yomaliza muona tinthu tiwiri tokhala ngati zipeso, tomwe chimakhudzira pansi poyenda. Mano a zipesozo amawerengedwa limodzilimodzi, ndipo kawirikawiri chachimuna chimakhala ndi ambiri kuposa chachikazi. Amaonanso mizere ya timibulu pa mchira, kaya pali kaminga pansi pa mbola kapena ayi, ndi mmene timano ta m'kati mwa zopanira tandandalikira. Koposa zonse amayang'ana tiubweya tatitali, topyapyala kwambiri, tomera m'timaenje pa manja opanirawo, tomwe chinkhanira chimamvera nato kugwedezeka kwa mpweya. Mu 1974 Max Vachon wa ku Paris anaonetsa kuti malo a tiubweyati sasintha mwachisawawa, anatipatsa zilembo ndi manambala, ndipo mpaka pano amene akufotokoza mtundu watsopano amajambula mapu a tiubweyati. N'chifukwa chake chithunzi cha pa foni chojambulidwa chapamwamba chikhoza kukufikitsani pa banja kapena pa gulu, koma kawirikawiri sichikwana kutsimikizira mtundu. Chanu chija chikhoza kukhaladi viatoris, koma Opistophthalmus nachonso chili ndi zopanira zonenepa ndipo chimakumba una, choncho kwa ana mukanene kuti "chikuoneka ngati", osati "ndi".

Zinthu ziwiri zachulukitsa mayina m'zaka zapitazi. Choyamba ndi tochi ya kuwala kwapadera kotchedwa UV. Khungu la chinkhanira limawala mobiriwira likaunikidwa ndi kuwala kumeneku mumdima, zomwe zinalembedwa koyamba mu 1954, ndipo chiyambireni ofufuza kuyenda ndi matochiwa usiku akhala akupeza tizinkhanira tomwe masana sakanationa. Chachiwiri ndi DNA, yomwe yaonetsa kuti zina zomwe zinkaoneka ngati mtundu umodzi ndi mitundu ingapo. Leiurus quinquestriatus, chinkhanira chachikasu choopsa cha kumpoto kwa Africa ndi ku Middle East, chinkatengedwa kuti ndi chokhacho m'gulu lake mpaka mu 2002, koma lero gululo lili ndi mitundu yambiri.

Ndisakubiseni, akatswiriwa amakangananso. Michael Soleglad ndi Victor Fet anasindikiza kagawidwe kawo ka mabanja mu 2003, Prendini ndi Ward Wheeler anakatsutsa mwamphamvu mu 2005, ndipo kwa zaka zambiri mabuku ankatsata mbali iyi kapena iyo. Malamulo aja amangoweruza kuti dzina linalembedwa moyenera kapena ayi. Saweruza kuti gulu ligawidwe kapena lisagawidwe. Zimenezo zimatsalira umboni, ndi kuti ofufuza ena akhutira nawo kapena ayi. Ine ndimaona kuti ana ayenera kumva zimenezi, chifukwa ambiri amatuluka sukulu akuganiza kuti sayansi ndi mndandanda woloweza womwe unatha kulembedwa kale.

Pali zina zomwe malamulowa salola kusintha ngakhale dzina litakhala losayenera. Linnaeus anatcha chinkhanira china australis, kutanthauza cha kummwera, chonsecho kwawo ndi ku zipululu za kumpoto kwa Africa, ndipo mpaka lero ndi Androctonus australis. Chovuta kwambiri ndi Hottentotta, dzina la gulu lomwe linaperekedwa mu 1908, lochokera ku mawu onyoza omwe atsamunda ankatchulira anthu a mtundu wa Khoekhoe. Mu 2023 akuluakulu a bungwe loyang'anira malamulowa analemba kuti sasintha mayina pa zifukwa zoterezi, poopa chisokonezo m'mabuku. Anzawo a zomera anasankha njira ina: pa msonkhano wawo ku Madrid mu 2024 anavota kuchotsa mawu ena onyoza anthu akuda m'mayina a zomera zambirimbiri. Ine ndili ku mbali ya a zomerawo. Ngati dzina likhoza kusintha katatu chifukwa cha tiubweya ndi DNA, anthu n'kuzolowera, sindikuona chifukwa chomwe lingakanikire kusintha kamodzi chifukwa cha ulemu wa anthu.

Mwana wina adzafunsa kuti zonsezi n'zantchito yanji. Mukamuuze za ululu. Mwa mitundu yonse ija, pafupifupi 25 yokha ndi yomwe ingaphe munthu, ndipo pafupifupi yonseyo ili m'banja limodzi la Buthidae. Kummwera kwa Africa kuno zoopsa kwambiri ndi za gulu la Parabuthus, makamaka Parabuthus granulatus ndi Parabuthus transvaalicus, yomwe William Purcell wa ku myuziyamu ya ku Cape Town anaitcha dzina mu 1899 ndipo imavutitsa anthu m'madera otentha a ku Zimbabwe. Mankhwala othana ndi ululu wa chinkhanira omwe amapangidwa ku Johannesburg amachokera ku ululu wa transvaalicus. Dokotala akadziwa gulu la chinkhanira chomwe chaluma mwana, amadziwa zoyembekezera. Chizindikiro chosavuta n'chakuti cha mchira wonenepa ndi zopanira zowonda ndicho choopsa, pamene cha zopanira zonenepa ndi mchira wowonda, ngati chomwe ana anu anapeza, chimapweteka koma sichikhala choopsa kwenikweni. Komabe mwana akalumidwa n'kuyamba kutuluka dovu, kulephera kumeza, kubanika kapena kunjenjemera, athamangire naye kuchipatala osadikira kuti adziwe dzina.

Ngati mukufuna kupitiriza ndi ana anuwo, chinkhanira chamoyo asachigwire ndi manja, achikankhire m'chitini ndi kamtengo. Jambulani chapamwamba ndi rula pambali, jambulaninso zopanira ndi mchira chapafupi, ndipo chikakhala m'botolo loonekera jambulani chapansi kuti zipeso zija zioneke. Zithunzizo mukhoza kuziika pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist, komwe odziwa zinkhanira amathandiza kuzindikira, kenako dzina lomwe akupatsani mukaliyerekeze ndi mndandanda wa pa intaneti wa The Scorpion Files womwe Jan Ove Rein wa ku Trondheim, ku Norway, amaukonza mayina akasintha. Chikakhala chakufa kale ndipo mukufuna kuchisunga ku labu ya sukulu, chimizeni mu spiriti wa ethanol wa 70 kapena 80 peresenti, muikemo kapepala kolemba malo enieni, tsiku ndi dzina la wotola. Kapepalako mulembe ndi pensulo, chifukwa inki ya bolopeni imasungunuka mu spiriti. Kuchitumiza kunja kwa dziko kuti akatswiri akachione kumafuna chilolezo cha boma.