Funsani Amakaniko: Ndichotsetse hedi isanasweke?

FUNSO

Amakaniko, ndili ndi Toyota Prado ya 1997, injini yake ndi 1KZ-TE, ya otomatiki, ndipo yayenda makilomita 310,000. Ndimakhala ku Ngabu koma kawiri pamwezi ndimakwera ku Blantyre. Pokwera ndimakoka katerela ka matumba a mapira, potsika ndimanyamula katundu wa m'golosale. Galimotoyi sinawirepo ndipo simadya madzi. Koma alamu anga akuti hedi ya injini zimenezi sichedwa kusweka, ndiye ndiichotsetse panopa, akaisikime n'kuika gasiketi yatsopano kutentha kwa Okutobala kusanafike. Ndagulitsa ng'ombe imodzi, ndalama ilipo. Nditero?

Wowerenga wa ku Ngabu

YANKHO

Bambo, ndalama ya ng'ombeyo igwireni kaye.

Alamu anu sakunama. Hedi ya 1KZ-TE, chigawo chapamwamba chimene chimavindikira injini, ndi ya aluminiyamu pomwe buloko yake, thunthu la injiniyo, ndi yachitsulo. Ziwirizi zikatentha sizifutukuka mofanana, ndipo injini ikapsa kwambiri hedi imang'ambika, makamaka pakati pa mavalavu ndi pafupi ndi timakapu tomwe dizilo amayambira kuyaka. Eni Pajero ya 4D56 amalira maliro omwewa. Pamene ndikusiyana nawo alamu anuwo ndi pa mankhwala ake. Kusikima sikulimbitsa hedi. Kumangosalaza pansi pake, n'kuipepula pang'ono. Hedi yosikimidwa lero ikawira mawa pa mapiri a Chikwawa idzasweka chimodzimodzi. Chimene chimaswa hedi ndi kutentha, ndipo kutenthako sikuchokera mu gasiketi, chotsekera cha pakati pa hedi ndi buloko.

Ndikunena izi chifukwa ndinalakwapo. Ndili wachinyamata ndinatsegula hedi ya bambo wina wa ku Bangula amene anabwera ndi mantha ngati anuwa. Hedi inali bwinobwino. Ndinaibwezera ndi mabawuti akale omwewo, n'kumanga ndi mphamvu za m'manja, sipanala yoyezera ndinalibe. Miyezi iwiri isanathe galimoto inabwera chokokedwa, madzi ali mu oyilo. Matenda amene anali kulibe ndinawaika ndine. Mpaka lero ndikadutsa pa Bangula ndimathamangitsa pang'ono.

Musanaganize zotsegula, ifunseni injiniyo. M'mawa isanalire, finyani paipi yaikulu yapamwamba pa rediyeta. Ikhale yofewa. Ikakhala yolimba ngati tayala la njinga pomwe galimoto yagona usiku wonse, pali mpweya umene ukulowa m'madzi. Kenako tsegulani chivindikiro cha rediyeta injini ikadali yozizira, muilize, muyang'ane. Tithovu tochepa poyamba si kanthu, koma thovu losalekeza, lochuluka mukaponda mafuta, ndi nkhani ina. Onaninso ngati kabotolo kapambali kakudzaza kokha mpaka kutayikira, ngati utsi woyera ukupitirira injini itatentha kale, ndiponso ngati oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka. Magalaja ena ku Blantyre ali ndi timadzi tabuluu timene timasintha mtundu utsi wa injini ukamatulukira mu rediyeta. Kuyeza kumeneko mtengo wake sufika ngakhale pa mbuzi. Zonsezi zikatuluka bwino, hedi isiyeni igone.

Tsono ndalama ipite kuti? Iyambire pa rediyeta, ndipo pano ndichedwapo chifukwa kuno kuchigwa tili ndi vuto lathulathu. Madzi a m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere, inu mukudziwa, ngakhale sopo sachita thovu bwino. Madzi omwewo ndi amene ambiri amathira mu rediyeta. Suzumirani m'ketulo ya kunyumba kwanu muone zoyera zimene zamatirira pansi. Zimenezo ndi zimene zili m'timapaipi ta rediyeta yanu, ndipo timapaipito ndi tating'ono kuposa udzu womwera thobwa. Theka la rediyeta likhoza kutsekeka inu osadziwa, chifukwa pamsewu wosalala wa Ngabu kukafika Nchalo theka lotsalalo limakwanitsa. Mchere umadyanso aluminiyamu wa hedi m'kati mwake. Choncho rediyeta ichotsedwe, akaitsegule n'kuichokocha timapaipi tonse. Ngati ili ya matanki apulasitiki ndipo ndi yomwe inabwera ndi galimoto, gulani ina basi. Mukabwezera muthire kulanti, mankhwala a mu rediyeta, wosakaniza ndi madzi a batire (osati asidi), kapena a mvula osefa bwino. A pamjigo ayi, a mu Shire ayi.

Kunja kwakenso muyang'ane. Pakati pa rediyeta ndi kondensa ya eyakoni pamabisala zambiri: njere za udzu, thonje, zinyalala za nzimbe, ndi matope ouma. Galimoto zimene zinawoloka madzi nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 zina zikuyendabe ndi dothi la nthawi imeneyo. Tsukani ndi madzi opanda mphamvu kwambiri kuchokera kumbuyo, kuti musapinde timapeto take.

Chachiwiri ndi fani. Fani ya injini yanu ili ndi kilatchi ya mafuta a silikoni pakati pake. Ikakalamba fani imazungulira ndithu, maso amakhutira, koma sikoka mphepo. Injini ikatentha pokwera phiri muyenera kuimva ikubangula. Ngati simunaimvepo chibadwire, kilatchiyo yatha. Ena amaiwotcherera kuti izizungulira nthawi zonse. Imaziziritsa, inde, koma imadya dizilo ndi lamba, ndipo phokoso lake mpaka Limbe mutu umapweteka. Kuthiramo silikoni watsopano kapena kugula ina ndiye bwino.

Thermostat, kachipangizo kotsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha, musalole kuti aitaye. Ndikudziwa, pafupifupi galaja iliyonse kuno imati kumunsi n'kotentha, thermostat ndi ya ku Japan kozizira. Koma pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule ka madzi, kuti onse adutse mu rediyeta. Mukaichotsa madzi ena amangozungulira mu injini osakazizira. Ikani yatsopano yeniyeni, pamodzi ndi chivindikiro chatsopano cha rediyeta. Chivindikirocho anthu amachipeputsa, koma ndi chimene chimasunga mphamvu yoti madzi asawire pa madigiri 100. Pampu ya madzi isinthidwe limodzi ndi taimingi beluti ngati nthawi yake yayandikira. Ma injekita, opopera dizilo mu injini, nawo akayezedwe, chifukwa injekita yodontha m'malo mopopera imaotcha malo amodzi ngati moto wa owotcherera.

Geji yanu ya kutentha ya pa dashibodi musaikhulupirire kwambiri. Singano yake imakhala pakati kwa nthawi yaitali ngakhale kutentha kukukwera, ndipo ikamanyamuka zinthu zimakhala zafika kale patali. Madzi akatha onse imathanso kunama, chifukwa kachipangizo kake kamakhala kali pouma. Ikitsani geji ina ya manambala yokhala ndi belu. Pa zonse zimene mungagule, imeneyi ndi yotchipa ndipo ndi imene ingapulumutse hedi.

Kenako phiri lija. Kuchokera pa Thabwa mpaka kukafika Blantyre mumakwera mamita pafupifupi 900, mokhotakhota, pang'onopang'ono, mphepo yakutsogolo kulibe, katerela kali kumbuyo. Galimoto yanu ndi ya otomatiki, ndipo oyilo wa giyabokosi amakazizirira m'munsi mwa rediyeta yomweyo, ndiye imasenza mitolo iwiri. Zimitsani ovadiraivu, ikani pa 2 pamene pakwera kwambiri, injini izizungulira momasuka m'malo mobuula. Mukaona utsi wakuda kumbuyo bwezani phazi. Eyakoni zimitsani. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kuno kumapitirira madigiri 40, nyamukani m'bandakucha. Kutentha kukakwera imani pambali injini ikulira, mutsegule hita mpaka kumapeto. Ndikudziwa, hita ku Chikwawa ndi chilango, amayi akunyumba adzakunenani, koma imachotsa kutentha. Ikawira, musatsegule chivindikiro ndipo musathire madzi ozizira mpaka itazizira yokha. Hedi zambiri zimene ndaziona zinaswekera pa ndowa ya madzi opempha pamudzi wapafupi.

Nanga mayeso aja akasonyeza kuti mpweya ukulowa m'madzi? Pamenepo tsegulani msanga, madzi asanadzaze mu silinda n'kupinda kondirodi, mkono wa pisitoni. Hedi ipite kwa ainjiniya ku Blantyre akaiyeze ndi mpweya ili m'madzi otentha, chifukwa ming'alu ina imatseka hedi ikazizira. Akayezenso ngati yapindika. Yong'ambika pakati pa mavalavu ine sindiwotcherera, ndimasintha. Yakale ya pa sikirapu musagule isanayezedwe pamaso panu. Gasiketi za injini imeneyi zili ndi makulidwe osiyana, ndipo yoyenera imasankhidwa poyeza mmene mapisitoni atulukira pamwamba pa buloko, osati mmene wogulitsa waonera nkhope yanu. Mabawuti onse 18 akhale atsopano, amangidwe motsatana monga buku likunenera, ndi sipanala yoyezera. Makaniko amene mwamusankha mufunseni akuonetseni sipanalayo musanamupatse makiyi.