Mafunso a Owerenga: Amuna Anga Anatumidwa Kudzalalikira, Koma Amangokhalira Kubwalo la Mpira

FUNSO

Ndine mayi wa ana atatu wochokera ku Dedza, ndipo ndikukhala ku Rosettenville muno mu Johannesburg. Mpingo wathu unatituma kuno zaka ziwiri zapitazo kuti amuna anga, omwe ndi mlaliki, azitumikira Amalawi amene ali kuno pa ntchito. Titafika, bambo anaona kuti anyamata ambiri sabwera kutchalitchi koma amadzaza pabwalo la mpira, choncho anayambitsa timu, ndipo tsopano amakhala kubwalo masiku anayi pa sabata. Akulu ena a mpingo akunena kuti tinatumidwa kudzalalikira osati kudzathamangitsa chikopa, ndipo wina waopseza kuti alembera kalata kumudzi kuti thandizo lathu liimitsidwe. Kunyumba nako zinthu sizili bwino, chifukwa anyamata a timu amabwera kudzadya pafupifupi tsiku lililonse, ufa sukufika kumapeto kwa mwezi, ndipo ana athu akudandaula kuti bambo awo amadziwa mavuto a ana a eni kuposa awo. Kodi imeneyi ndi ntchito ya Mulungu, kapena amuna anga angotengeka ndi chikondi cha mpira chimene anali nacho kuyambira ali mnyamata?

Mayi wodandaula, Rosettenville

YANKHO

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndikuuzeni poyera kuti pa nkhani ya mpira ndili kumbali ya bambo, koma pa nkhani ya m'nyumba ndili kumbali yanu.

Kutumikira achinyamata kudzera m'masewera si nzeru yatsopano imene amuna anu aitola mumsewu. Bungwe la achinyamata achikhristu la YMCA linayamba ku London mu 1844, ndipo ndi pasukulu yake ya ku Springfield m'dziko la America pamene James Naismith, munthu amene anaphunzira zaubusa, anayambitsa masewera a basketball mu 1891 pofuna kupezera anyamata chochita m'nyengo yachisanu. Patangopita zaka zinayi, mu 1895, William Morgan anayambitsa volleyball m'bungwe lomwelo. Koma munthu amene ndimakonda kumukumbukira pa nkhani ngati yanuyi ndi Eric Liddell wa ku Scotland, amene pa mpikisano wa Olympics wa ku Paris mu 1924 anakana kuthamanga mtunda wa mamita 100 chifukwa mpikisano wake unagwa Lamulungu, kenaka n'kupambana wa mamita 400. Chaka chotsatira anapita ku China ngati mmishonale, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anatsekeredwa mumsasa wa Weihsien, kumene anamwalira mu 1945. Amene anali naye mumsasamo anafotokoza kuti ankakonzera ana masewera tsiku ndi tsiku, ndipo ataona kuti ana osiyidwa okha Lamulungu akumenyana pabwalo, iye amene anakana mendulo chifukwa cha tsikulo anapita kukawaimbira masewerawo. Sanasinthe chikhulupiriro chake, koma anaona kuti anawo ndi amene Mulungu anamuikira pamaso pake. Ngakhale Paulo, polembera Akorinto amene ankadziwa bwino mipikisano yochitikira pafupi ndi mzinda wawo, anafanizira moyo wachikhristu ndi liwiro la pabwalo, monga tikuwerenga pa 1 Akorinto 9:24-27.

Komabe chimene chimandikhutiritsa ine kwambiri si mbiri ya kutali, koma zimene ndaona ndi maso anga kuno ku Joni. Kwa zaka zingapo ndinkathandiza nawo timu ya anyamata pabwalo lina lafumbi cha ku Turffontein. Panali anyamata awiri apachibale amene ankagawana nsapato za mpira peya imodzi, wina kuvala yakumanja chifukwa ndiwo mwendo umene ankamenyera, mnzakeyo yakumanzere, mwendo wotsalawo n'kuvala nsapato ya kusukulu. Panalinso mnyamata wina wa zaka 14 amene masewera akatha ankazengereza, akupinda ndi kupindanso majezi ngakhale kunja kukuzizira ngati mmene kumachitira mu June. Patapita miyezi iwiri ndi pamene anandiuza kuti kwawo ndi chipinda chimodzi chogawidwa ndi nsalu pakati pa mabanja awiri, ndipo mayi ake, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzinda, ankafika usiku atakwera matakisi awiri. Mwana ameneyo sakanabwera kudzandiuza zimenezi pakhomo la tchalitchi atavala malaya oyera. Anandiuza chifukwa tinali titanyamula limodzi thumba la mipira kwa miyezi iwiri. Ana ambiri a Amalawi kuno amakula motero, makolo ali kumaganyu kuyambira mbandakucha, ndipo maola a pakati pa kuweruka kusukulu ndi kulowa kwa dzuwa ndi amene chamba, mowa ndi magulu oipa zimawapezera. Mlaliki amene amakhala ndi ana pa maola amenewo sanathawe ntchito yake.

Palinso china chimene ife okhala kuno sitingachiiwale. Mu May 2008 zipolowe zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra ndi kufalikira madera ena, ndipo anthu 62 anaphedwa. Pabwalo la mpira ndi pamodzi mwa malo ochepa pamene mwana wolankhula Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka amapatsirana mpira ndi wolankhula Chizulu, Chisutu kapena Chishona, n'kumaitanana mayina. Mnyamata amene wakhala akutchinga kumbuyo limodzi ndi mwana wa Mmalawi kwa zaka zitatu savomera msanga akauzidwa kuti alendo onse ndi adani.

Tsono funso lanu lenileni ndi lakuti mungadziwe bwanji ngati bambo akutumikira kapena akungokhutiritsa chilakolako chawo cha mpira. Pitani kubwaloko Loweruka lina mukakhale chete pambali, muone zinthu zimene sizibisika. Muone ngati mwana wosatha mpira, uja amene amaphonya ngakhale golo ili pululu, amapatsidwa mpata wosewera, kapena amangotumidwa madzi pamene akatswiri akuthamanga. Muone nkhope ya bambo timu ikagonja, ndi mawu amene amalankhula kwa woimbira mpira akalakwitsa. Mufunse ngati pa mipikisano ya ana amakana kubera zaka, chifukwa mphunzitsi amene amalemba mnyamata wa zaka 17 kuti ali ndi 14, kenaka n'kutsogolera pemphero masewera asanayambe, waphunzitsa kale ana phunziro limene ulaliki uliwonse sungafafanize. Mufunsenso ngati amadziwa kumene mwana aliyense amagona ndiponso ngati makolo ake anakumana nawo. Anyamata athu onse amalota za Gabadinho Mhango, amene anagoletsa zigoli 16 ku Orlando Pirates mu nyengo ya 2019/20, ndipo malotowo si tchimo, koma mtumiki woona amawauza chilungamo kuti ofika pamenepo ndi owerengeka, amaumirira kuti sukulu ikhale patsogolo, ndipo amawachenjeza za anthu onyenga amene amatolera ndalama kwa makolo polonjeza kuti akayesetsa mwana ku timu yaikulu. Mukapeza zimenezi, mtima wanu ukhale pansi. Mukapeza kuti nkhani ya bambo ndi zikho basi, auzeni mosabisa mawu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachiopa pa utumiki wotere, ndipo ndikupemphani kuti mukachifikitse kwa bambo. Mpira usasanduke nyambo. Amalawi ambiri a ku Mayfair ndi Fordsburg ndi Asilamu, ndipo ana awo amabwera kubwalo ngati ana ena onse. Makolo ayenera kuuzidwa kuyambira tsiku loyamba kuti timuyi ndi ya mpingo, kuti pamakhala pemphero ndi mawu a Mulungu, ndipo mwana amene safuna kupemphera asachotsedwe pa mndandanda wa osewera kapena kumanidwa jezi. Mwana akazindikira kuti ankakondedwa pongofuna kumulemba m'kaundula wa otembenuka, chilonda chake sichipola msanga, ndipo dzina la Khristu ndi limene limanyozeka.

Za akulu a mpingo, musawaone ngati adani, chifukwa ndalama zimene mumalandira ndi zopereka za anthu amene ena a iwo amagulitsa tomato pamsika, ndipo ali ndi ufulu wofunsa mmene zikugwirira ntchito. Ndikuganiza kuti bambo anayamba timuyi osakhala nawo pansi, ndipo ngati ndi choncho ayenera kupepesa kaye asanayambe kudziteteza. Akatero awakumbutse mwaulemu kuti amishonale a mpingo wa Dutch Reformed amene anachoka m'dziko lino la South Africa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, atafika ku Mvera mu 1889 sanathere pa guwa pokha, koma ntchito imene anayambitsa inabala sukulu, zipatala ndi maphunziro a ntchito zamanja, ndipo makolo athu ambiri anayamba kumva Uthenga atabwera kudzaphunzira kuwerenga. Lero njira yatembenuka, ife ndi amene tatumidwa kuno, ndipo bwalo la mpira likugwira ntchito imene bolodi ndi choko zinkagwira nthawi imeneyo. Bambo apemphe kuti pakhale kakomiti ka anthu atatu kapena anayi, mmodzi akhale mkulu yemwe akudandaulayo, kuti kaziona ndalama za timu ndi kulandira lipoti mwezi uliwonse. Lipoti lomwelo lizipitanso kumudzi, kuti kalata ya wina ikafika ipeze anthu akudziwa kale zoona. Kuyendera odwala, maliro ndi mapemphero a m'makomo zisafe chifukwa cha mpira, pakuti akuluwo akaona zimenezi zikuyenda, theka la madandaulo awo lidzatha lokha.

Komitiyo idzathandizanso pa zamalamulo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ana la 2005, limene linakhazikitsa kaundula wa anthu osayenera kugwira ntchito ndi ana, choncho wamkulu aliyense wothandiza pa timu akhale ndi kalata ya apolisi yotsimikiza kuti alibe mlandu, makolo asayine chilolezo, ndipo wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda kapena m'galimoto. Muonetsetsenso kuti ziphaso zanu zikulola ntchito imene mukugwira, chifukwa masiku 30 amene Mmalawi amapatsidwa pachipata ndi oyendera chabe. Ndipo m'miyezi ya mvula, mabingu akangomveka ana achoke pabwalo nthawi yomweyo ngakhale masewera atafika pokoma, chifukwa mphenzi za mumzinda uno si zamasewera: mu 1998 zinagwetsa osewera angapo pa masewera a Moroka Swallows ndi Jomo Cosmos.

Tsopano ndibwere kunyumba kwanu, kumene ndikuona kuti bambo alakwitsa, ngakhale alakwitsa ndi mtima wabwino. Mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe ndi oona, koma sanena kuti wako asanduke wa mnzako. Pa 1 Timoteo 3:4-5 Paulo anaika kusamala banja ngati muyeso wa munthu woyenera kusamala mpingo, ndipo ana anu akafika podandaula motero, ndiye kuti akhala akuzisunga mumtima kwa nthawi yaitali. Ana a atumiki amene amakula akuona kuti Mulungu anawalanda bambo awo nthawi zambiri amadzachoka mumpingo mwakachetechete akakula, ndipo ndawaonapo otere kuno, ena a iwo ana a anzanga apamtima. Kumbukiraninso kuti ana anuwo nawonso ndi alendo m'dziko lino, akulimbana ndi Chizulu kapena Chiafrikaans kusukulu, alibe agogo kapena azakhali pafupi oti n'kuwadandaulira, ndipo munthu amene angawathandize kusunga Chichewa ndi mbiri ya kwawo ndi bambo awo pa nthawi ya chakudya chamadzulo. Masiku anayi a kubwalo atsike akhale atatu, ndipo tsiku lopulumukalo likhale la banja, foni itazimitsidwa.

Nkhani ya ufa ndi yosavuta kuikonza mukangovomereza kuti mphika wanu si thumba la mpingo. Anyamatawo amabwera chifukwa ali ndi njala yeniyeni, ndipo kuwabweza pakhomo kungakupwetekeni mtima inu nomwe, choncho chakudya chisamuke kuchoka kunyumba kupita kubwalo. Buledi, chiponde ndi zakumwa zoperekedwa masewera akatha zilowe m'ndondomeko ya ndalama za timu, ndipo amayi a mumpingo apemphedwe kusinthana kuphika nsima kamodzi pa mwezi. Mukatero mudzaona kuti amayi amene aphikirapo anyamatawo ayamba kuwadziwa mayina ndi kuwafunsa akasowa, ndipo mwina ndi iwo amene adzafunse chifukwa chake atsikana alibe timu ya ntchemberembaye, pamene dziko lathu limadziwika ndi Malawi Queens. Pakhomo panu pazikhala tsiku limodzi lodziwika lolandira anyamata, kupatula mwana amene wagwa m'vuto ladzidzidzi.

Zonsezi musakazitule kwa bambo pamene angofika kuchokera kubwalo fumbi lili m'miyendo, kapena pamaso pa ana. Sankhani madzulo abata, muyambe ndi kuwauza kuti mukufuna kupita nawo kubwalo Loweruka likubwerali kukaona anyamata awo, kenaka muike patebulo kope limene mwalembamo ndalama za chakudya za miyezi itatu yapitayi, kuti aone okha tsiku limene ufa umathera. Mukatha kukambirana ndi bambo ndiponso komiti ikakhala koyamba, mudzandilemberenso kuti ndimve mmene mkulu uja walandirira pempho loti alowe nawo m'komitiyo.