Funsani Amakaniko: Chisinthireni chiwongolero, hutala yangoti zii

FUNSO: Akuluakulu, ndili ndi Corolla yakale, AE100 yopanda airbag. Mwezi watha ndinachotsa chiwongolero chake n'kuikapo chaching'ono chija cha mabawuti 6, pamodzi ndi boss kit yake, chitsulo chija cholumikizira chiwongolero ku shafiti. Kukhota ikukhota bwino, koma hutala osalira. Ndinagula hutala ina, nayonso zii. Pamsika ndi paulalo wa Bakili Muluzi akabaza amachita kudzaza msewu, moti ndikumatulutsa mutu pawindo n'kumakuwa. Ndiyambire pati? Wowerenga wa kwa Mpondasi.

YANKHO: Achimwene, hutala yachiwiriyo isungeni, ndalamazo zangopita. Vuto lili pomwe munagwirapo.

Ambiri amaganiza kuti batani la hutala limatumiza moto. Ayi. Pa Toyota ndi magalimoto ambiri a ku Japan, moto umachoka kubatire, n'kudutsa pa fyuzi ndi rilee (kaswichi koyendera moto komwe kamayatsa hutala), kenako n'kukadikira pa waya mmodzi yemwe amakwera mpaka kuchiwongolero. Ntchito ya batani n'kungogunditsa wayayo kuchitsulo cha galimoto, chomwe amakaniko amati ethi. Akagunda, rilee imati tha, hutala n'kulira. Chiwongolero chomwe munachotsacho chinali ndi njira yakeyake ya ethi m'kati mwake, ndipo njirayo inapita nacho limodzi.

Kuyesa kwake sikufuna mita. Zulani batani, mugwire waya wotuluka mu boss kit, nsonga yake muigunditse pa nati yaikulu yapakati. Kiyi safunika, hutala ya Toyota imalira ngakhale galimoto ili yozima. Ikalira, ndiye kuti fyuzi, rilee ndi hutala zonse zili moyo, batani lokha ndilo likusowa ethi.

Tsono litembenuzeni bataniro muone kumbuyo. Lina limakhala ndi mapazi awiri olumikizira waya: limodzi ndi la waya wa hutala, linalo la ethi, ndipo anthu amakonda kulisiya lopanda kanthu. Lina limakhala ndi phazi limodzi lokha, ethi limatengera pa kawaya kolimba kotuluka m'mbali mwake. Kawayako kamayenera kukhudza ring'i yachitsulo yopyapyala imene imakhala pakati pa chiwongolero ndi boss kit. Ring'i imeneyi ndi yomwe imatsalira m'katoni, woika poganiza kuti ndi yapadera. Ngati katoni simunataye, kayang'anenimo. Komanso ziwongolero zambiri zogula padera n'za aluminiyamu wokutidwa ndi utoto wakuda, ndipo utotowo sudutsa moto ngakhale kawayako kakhudze chotani.

Kukonza kwake n'kwa waya wa masentimita 10 kapena 15. Mbali ina mumange kuphazi la ethi kapena ku kawaya ka m'mbali kaja, inayo muike kakolowa kozungulira n'kukapanikiza pansi pa bawuti limodzi mwa 6 aja, mutapala penti pamalopo mpaka chitsulo chiwale. Osangopiringiza waya pabawuti. Ndi mabampu a misewu yafumbi sabata siyitha asanamasuke.

Mukagunditsa pa nati koma osalira, chiwongolero chichoke. Imitsani matayala molunjika, lembani chizindikiro pa shafiti ndi pa boss kit, masulani nati ija ndi sipana ya 19 koma musaichotseretu. Isiyeni pa mazinga angapo, chifukwa chiwongolero chimakakamira ndipo chikamasuka mwadzidzidzi chimabwera kumano. Kumbuyo kwa boss kit muona ring'i yamkuwa. Pagalimoto, pafupi ndi swichi ya maindiketa, pali kapini kamkuwa kokhala pa sipuling'i, komwe kamakwecha ring'iyo chiwongolero chikamazungulira. Gunditsani kapiniko ku shafiti ndi sikuludiraiva. Hutala ikalira apa, ndiye kuti kapini ndi ring'i sizikukumana.

Pakani girizi pang'ono pa ring'i, bwezani boss kit, zungulitsani, chotsaninso. Kapini kofika kamasiya mzere pa giriziyo. Popanda mzere, mwina kanaperepeseka, pajatu galimoto imeneyi yadutsa zaka 25, kapena boss kit si ya mtundu umenewu ndipo ring'i yake yakhala patali. Kapini kakutha pezani kena kwa ogulitsa zida za magalimoto ophwasula. Boss kit yolakwika ibwezeni. Zopinda kachitini kuti katalikitse kapini zimagwira masiku ochepa, kenako kachitiniko kamakola ring'i n'kuikanda. Pobwezera, pukutani ring'i ndi sandipepala wosalala, girizi akhale wochepa kwambiri poti wambiri amakoka fumbi, nati yapakati imangidwe zolimba, pa 35 Nm ngati muli ndi sipana yoyezera.

Pokhapokha kapini nako kakakana ndi pamene mungapite ku fyuzi. Pa Toyota zambiri zakale hutala ndi mahazadi zimadyera fyuzi imodzi yolembedwa HAZ-HORN, choncho mahazadi akamaphethira, fyuziyo ili bwino. Rilee muiyese poisinthanitsa ndi inzake yofanana nayo m'bokosi momwemo.

FUNSO: Yanga ndi Hilux. Hutala ikumalira yokha ndikamakhota, makamaka pokwera ku Chowe popita ku Namwera. Anthu akumandiyesa wamwano. Wowerenga wa ku Namwera.

YANKHO: Bambo, lanu ndi vuto lomwelo koma lotembenuza: waya wa hutala akupeza ethi musanadine. Ngati nanunso munasintha chiwongolero, kawirikawiri amakhala atapanikizika pakati pa chiwongolero ndi boss kit n'kusupuka, kapena phazi la batani likugunda nsonga ya shafiti poti boss kit ndi yaifupi. Zulani batani, tsatani wayayo ndi chala kufuna posupuka, kulungani mapazi onse ndi tepi, phazi lotalika mulipinde chammbali. Ikapitirira, onani ngati kapini sikakutsetserekera kunja kwa ring'i n'kumakhudza thupi la boss kit. Ikadzayamba kulira osaleka usiku, zulani rilee ya hutala, osati fyuzi, kuti mahazadi atsale akugwira.

FUNSO: Ndimayendetsa Sienta yonyamula anthu pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay. Mnzanga anandiikira chiwongolero chamasipoti. Nyale ya airbag ikuyaka chiikireni. Hutala inalira masiku awiri, lachitatu ndikutembenuza pa siteji ndinamva kuti thapu pansi pa chiwongolero, basi osaliranso. Dalaivala wa ku Makawa.

YANKHO: Adalaivala, chomwe chinaduka ndi clock spring, ena amati spiral cable. Magalimoto ambiri a airbag alibe kapini ndi ring'i. Ali ndi kabokosi kozungulira kuseri kwa chiwongolero, m'kati mwake muli lamba wopyapyala wa mawaya wokulungidwa ngati tepi ya telala. Waya wa hutala ndi wa airbag amadutsa m'menemo. Lambayo amalola kuzungulira pafupifupi ka 5 kuchoka mbali ina kufika ina, ndiye amayenera kuikidwa ali pakatikati matayala atalunjika. Mnzanuyo ayenera kuti anakazunguza chiwongolero chitachoka n'kubwezera kali kopendekera mbali imodzi. Tsiku lomwe munakhotetsa mpaka kumapeto, lamba anatha n'kuduka.

Lamba ameneyu salumikizika ndi soda yowotcherera mawaya, pamafunika clock spring ina ya nambala yofanana. Musanagwire chilichonse chotsani waya wa negativi kubatire ndipo dikirani masekondi osachepera 90, chifukwa kompyuta ya airbag imasunga moto kwa kanthawi. Mapulagi achikasu ndi a airbag, musawalowetse tesita kapena mita. Poika inayo, ngati si yatsopano yeniyeni, izungulitseni pang'onopang'ono ndi dzanja kumanzere mpaka ilimbe, muibweze kumanja kawiri ndi theka, tizizindikiro take tiyang'anane. Yatsopano yeniyeni imabwera ndi kapulasitiki koitsekera pakati, kamene mumachotsa clock spring itakhala kale pamalo pake, musanaike chiwongolero.

Za nyaleyo, ena akuuzani kuti muike resistor, kachipangizo kochepetsa moto, ya maohm awiri kapena atatu pa pulagi yachikasu. Nyale imazimadi, koma kumeneko n'kunamiza kompyuta, pachifuwa panu palibe chokutchingirani. Kuisiya ikuyaka nakonso n'koipa, poti vuto lina likabuka ku airbag ya wokwera kutsogolo kapena kumalamba simungalidziwe. Galimoto yonyamula ana a eni pa msewu wa M10, wodzaza mbuzi ndi njinga, ife tikuti bwezeranipo chiwongolero chake cha airbag. Ngati munachisunga, chikhale choyang'ana kumwamba, kutali ndi moto ndi dzuwa, kufikira tsiku loika. Muchite zimenezi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto n'njoyenera kuyenda pamsewu, isanathe, chifukwa oyeza galimoto amadina hutala.