Amayi, mdzukulu wanu sakungokwera mapiri

Moni amayi, moni nonse pagulu pano. Mwaswera bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti mphepo lero yakwiya, mukamva phokoso dziwani kuti ndi windo la kukhitchini. Voice note yanu ija amayi ndaimvera kawiri. Mukufunsa ngati mwana wa achimweneyu anabwera ku Cape Town kudzaphunzira kapena kudzakwera mapiri, poti chithunzi chilichonse chimene akuponya pano ali pamwala, ali kunyanja, ali ndi mbalame, koma atagwira buku ayi. Mwafunsanso ngati akudya. Achimwene ku Indiana, ku America, ndaona angoika kankhope koseka, alamu nawonso zii, ndiye ndiyankhe ine azakhali ake amene ndimamuona Lamlungu lililonse. Italika, mukhale pansi.

Kudya akudya. Masaya abwera. Imeneyo tachotsa.

Koma masabata oyamba aja, eee, munthu anavutika, ndipo zimenezo sanajambule. Anafika mu July, kwawo atasiya dzuwa likuswa mtengo. Ndinakamuchingamira kubwalo la ndege, ndikuona mtsikana akutuluka atavala kabudula ndi patapata, m'mutu mwake Africa yense ndi Nsanje. Kuno chisanu ndi dzinja zimabwera pamodzi amayi. Tangoganizani chiperoni cha kwathu ku Mulanje chija, koma muonjezere mvula yeniyeni, masiku anayi osakata, ndi mphepo yochokera kunyanja. Mungadabwe kuti mwana wakulira ku Indiana komwe kumagwa sinowo angalire bwanji chisanu cha kuno. Nkhani ndi nyumba. Kwawo kunja kukaundana, m'nyumba mumakhala mofunda, amayenda ndi malaya okha. Kuno nyumba zambiri zilibe zotenthetsera, kuzizira kwa panja n'komwenso kuli pabedi. Usiku wachitatu anandiimbira mawu akunjenjemera, akuti akuona mpweya wake womwe m'chipinda. M'mawa ndinanyamula mabulangete awiri, hita ndi botolo la madzi otentha lija logona nalo, ulendo wa ku Observatory kumene akukhala ndi anzake anayi.

Ndikufika ndinapeza zina. Chowumitsira tsitsi chimene anabwera nacho anachilumikiza pakhoma, chinangoti phuu, utsi. Magetsi a kwawo ndi 120, akuno ndi 230 ngati kwathu. Patapita sabata nyumba yonse mdima, ana asanu a kuyunivesite akhala ndi matochi a pafoni kudikira kuti magetsi ayaka, pomwe kwa aneba kukuwala. Mayunitsi anali atatha! Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti magetsi amagulidwa ngati mayunitsi a foni, n'kulowetsa manambala pamita. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati bwerani kuno ndikuphunzitseni, ife a ku Malawi pa zimenezi tili ndi madigiri.

Msewu ndiye unandiopsa kwenikweni. Kwawo magalimoto amayenda kumanja, kuno kumanzere ngati kwathu, ndiye powoloka ankayang'ana mbali yolakwika. Pa Main Road ndinamukoka jekete minibasi itamupitira pamphuno. Lero minibasi zomwezo akukwera yekha, kondakitala akukuwa Wynberg, Wynberg, iye n'kudziwa potsikira. Kusukulu amapita pa basi ya ana asukulu yabuluu ija, salipira.

Tsopano za sukuluyo, poti ndi pamene pagona funso lanu. University of Cape Town si malo opumulirako. Inayamba 1829, yakhala m'munsi mwa phiri la Devil's Peak, masitepe okhaokha, ukafika m'kalasi uli wefuwefu. Ntchito yoyamba imene analemba anapeza 68. Anabwera Lamlungu maso ali psuu, nsima osadya, akuti walephera, achimwene amva bwanji ndalama zonse zija. Kwawo ukapeza 68 ndiye kuti uli m'mphepete mwa dzenje, mwana wanzeru amayembekeza 90. Kuno kukhoza kumayambira pa 50, ndipo ukafika 75 ndiye wakhoza mwapamwamba penipeni, aphunzitsi ake sapereka malikisi ngati maswiti. Mwana wanga wamkulu ndi amene anamukhazika pansi n'kumufotokozera. Komabe chiyambire tsiku limenelo Lolemba mpaka Lachisanu simungamupeze, ali kulaibulale. Zithunzi mukuonazo ndi za Loweruka. Munthu sajambula ali pa desiki akuwodzera.

Za mapirizo ndisakane, akuyenda, ndipo kwina amandikoka ine. Table Mountain ndinakwera nawo, zaka 14 ndili mumzinda uno ndikungoliona pawindo la sitima. Tinadzera njira ya Platteklip Gorge. Amayi, imeneyo si njira, ndi makwerero a miyala opanda mapeto. Anawo anafika kalekale, ine ndinatenga maola atatu ndikupuma pamwala uliwonse, mawondo akundifunsa kuti ndinawalakwira chiyani. Pamwamba mpafulati ngati bwalo la mpira, pali timbira tonenepa tosaopa anthu. Tisanakhute n'kuona komwe, mtambo uja amautcha nsalu ya patebulo unabwera, kuzizira nthawi yomweyo, mnzako ali apa osamuona. Tinatsika pa kabokosi koyenda pachingwe kaja, kamene pansi pake pamazungulira kuti aliyense aone mbali zonse. Njira ya chingweyo ilipo kuyambira 1929. Ine ndinatseka maso mpaka pansi. Mtsikanayu akunyadira kuti wakwera phiri la mamita 1,086, ndinamuuza kuti mwana iwe, kuseri kwa nyumba ya agogo ako kuli Sapitwa, mamita 3,002, ukakwere kumeneko ndiye tidzakambe.

Mbalame zoyenda ngati abusa ovala suti zija ndi ma penguin, zili ku Boulders Beach pafupi ndi Simon's Town. Tsiku lomwelo ku Cape Point nyani anamulanda buledi m'manja, anzake akukuwa, ine ndikuti anyani ndi anyani basi, kaya ku Cape Point kaya ku Likhubula. Chithunzi cha ku Camps Bay chimene ali m'madzi akumwetulira chija musachikhulupirire, analowa mphindi imodzi. Madzi a mbali imeneyo amaluma mafupa ngakhale dzuwa litawala bwanji.

Koma pali ulendo wina umene simunauone pagulu pano, ndipo ndi umene ndikufuna mumve. Robben Island. Koyamba boti silinanyamuke chifukwa cha mphepo, tinapita kachiwiri. Pamadzi mpafupifupi theka la ola, anthu akusanza m'timapepala. Mkati mwa ndende amakuyendetsani ndi anthu amene anamangidwapo momwemo. Bambo amene anatitenga ife, wachikulire, imvi mbuu, ankalankhula mosakweza mawu. Anationetsa chipinda chimene Nelson Mandela anakhalamo, zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake anathera pachilumbapo, kuyambira 1964 mpaka 1982. Kachipindako amayi, khitchini yanu ya panja ndi yaikulu. Mamita awiri mbali iyi, awiri ndi pang'ono mbali inayo, mphasa pansi, chidebe pakona. Tinaonanso pamene ankaphwanya miyala ya njereza, poyera mothobwa m'maso, mpaka Mandela maso ake anawonongeka nako kunyezimirako.

Chimene chinamugwira mtsikanayu si chipindacho ayi. Ndi chikwangwani cha zakudya. Akaidi ankapatsidwa chakudya potengera khungu. Amwenye ndi makaladi ankalandira buledi, anthu akuda ayi, phala la chimanga basi. Zovala chimodzimodzi, munthu wakuda ngakhale wa zaka 50 ankamuveka kabudula ngati mwana. Anaima pachikwangwanipo nthawi yaitali, gulu lonse lapita, foni ili m'thumba. Pobwerera m'boti sanayankhule.

Ndiye sabata yotsatira akubwera ndi mapepala a kalasi yake ya mbiri yakale, akuti Anti, Clements Kadalie mukumudziwa? Ine manyazi, sindinamumvepo. Amayi, munthuyu ndi wakwathu. Anabadwira ku Nkhata Bay, anaphunzira ku Livingstonia, anayenda mpaka kufika Cape Town mu 1918. Chaka cha 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito lotchedwa ICU pamodzi ndi onyamula katundu padoko, ndipo December wa chaka chomwecho ananyanyala ntchito padokopo. Pofika 1927 bungwelo linali ndi anthu pafupifupi 100,000. Doko lakale limenelo ndi dera lomwe lero pali Waterfront, pamene tinakwerera boti, pamene mdzukulu wanu anajambulitsa akunyambita ayisikilimu. Anabwererako yekha kukayenda ndi kope m'manja, ndipo nkhani yaikulu imene akulemba temu ino ndi ya bambo ameneyu. Ine wokhala kuno zaka zonsezi ndaphunzitsidwa ndi mlendo wa miyezi itatu. Ndiye mukati akungoyendayenda, ine pamenepo ndikana.

Dikirani ndichepetse moto... eya, ndabwera.

China chimene chikumuvuta, ndipo ichi achimwene mumvetsere, si chisanu kapena malikisi. Anzake a ku America amene anabwera nawo ambiri ndi azungu, aliyense akangowaona amadziwa kuti ndi alendo. Iye ayi. M'minibasi amayi achikulire amamuyankhula Chixhosa, iye n'kungoti kukamwa yasa. Akatsegula pakamwa Chingerezi cha m'mphuno chija, nkhope zimasintha, pamsika wa Greenmarket Square mtengo umakwera pomwepo. Tsiku lina anandiitanira chakudya ku Camps Bay, malo oti ine ndekha sindingalowe. Mnyamata wotipatsa chakudya anali ndi dzina lakwathu pachifuwa. Mtsikanayu analimba mtima, akuti muli bwanji achimwene. Mnyamata uja nkhope inawala, anayamba kukhuthula Chichewa, kwanu nkuti, mwabwera liti, iye ngwa ku Mangochi, ali ndi zaka zisanu osapita kumudzi, mwana wake anamusiya akukwawa. Mdzukulu wanu anathera pa ndili bwino kaya inu. Zinazo ndinamasulira ine. Bilu itabwera anaiyang'ana, n'kuyang'ana mnyamata uja akuthamanga ndi mbale, ndipo ndinaona kuti chakudya chija chamukhala pakhosi.

Tili m'galimoto anandifunsa chifukwa chimene bambo ake sanamuphunzitse chiyankhulo. Achimwene, funso limenelo ndi lanu, ine ndangolifikitsa. Sindikukuweruzani, ndikudziwa mmene munkagwirira ntchito usiku ndi usana ana ali aang'ono. Koma kuyambira pamenepo anandipempha kuti Lamlungu m'nyumba mwanga Chingerezi chisamveke. Timapita limodzi kutchalitchi kumene timapemphera a Malawi, nyimbo akuimba ngakhale mawu ena akungotafuna. Tikabwerako mthiko ndimampatsa iye. Nsima yoyamba inali ya mibulu, yachiwiri inali phala, ya sabata yatha tinadya osadandaula, kungoti chipande sanachizolowere, mitanda imatuluka ngati mapiri ake omwewo. Usipa umene munatumiza pa basi uja poyamba ankachotsa mitu kamodzikamodzi, pano akungokukuta.

Za chitetezo musade nkhawa mopitirira. Mzinda uno uli ndi mbali zake, ndinamuuza mosabisa: foni isaoneke pamsewu, kukada aitane Uber, kuphiri asapite yekha. Amamva. Pamene sakumva ndi pa ndalama. Dola ikasinthidwa kukhala ma rand zonse zimaoneka zotchipa, khofi wa tsiku lililonse wa m'sitolo, ine ndikawerengera ndimapeza thumba la ufa. Ndamulankhula kawiri, alamu muthandizepo.

Ndipo poti ndayamba kuulula, ndimalize. Pa tchuthi cha September anapita ndi anzake mbali ya Garden Route. Kumeneko kuli mlatho wa Bloukrans, mamita 216 kuchokera pansi. Anthu amalipira ndalama, ndalama zenizeni, kuti awamange chingwe kumiyendo adumphe chamutu. Mdzukulu wanu analumpha. Kanema ndili naye, ndinamuletsa kuponya pagulu pano poopa BP yanu. Ali moyo, ndinamuona dzana, musandiimbire usiku.

Mayeso adzamaliza mu November, ndipo akuti sabwerera ku Indiana asanakuoneni. Tikuyang'ana matikiti odzera ku Joni, mwina ndibwera naye ngati kuntchito andilola. Ndikupempheni ziwiri. Akayamba Chichewa chake chopindikacho musaseke, ndipo ana a achemwali asamuyankhe m'Chingerezi pofuna kuonetsa kuti nawonso anapita kusukulu, amuyankhe m'Chichewa pang'onopang'ono. Chachiwiri, za Sapitwa zija ndinkanena mocheza koma iye wazigwira. Malume afunse ku Likhubula za munthu wodziwa njira, ngati mvula idzakhale isanayambe mwamphamvu. Ikadzayamba, akafike pa Dziwe la Nkhalamba n'kubwerera, zokwanira.

Mundiuzenso ngati denga la chipinda chakumbuyo chija linakonzedwa, kuti ngati ayi nditumize ya malata mwezi uno. Mpunga wanga ukupserera. Mupereke moni kwa onse.