Za Giredi 12 ya pa foni: yankho kwa azakhali

Azakhali, mwaswera bwanji ku Chawama? Pepani ndachedwa kuyankha, malaiti anapita m'mamawa foni n'kuzima, ndaitchajira kwa aneba amene ali ndi sola. Uthenga wanu ndaumva. Mwati msuweni wangayo, amene anasiyira m'Giredi 11 atatenga pakati, tsopano akufuna kumaliza sukulu koma sangasiye salaula wake ku msika wa Soweto, ndiye mwaona pa Facebook ena akulengeza kuti amapereka satifiketi ya Giredi 12 pa intaneti m'miyezi itatu. Mukufunsa ngati mutumize ndalama.

Musatumize ngakhale ngwee imodzi, azakhali. Kuno ku Zambia pepala la Giredi 12 limachokera malo amodzi okha, ku ECZ, Examinations Council of Zambia, ndipo mayeso ake salembedwa pa foni. Umapita wekha, n'kukhala pa desiki, woyang'anira akuzungulira kumbuyo kwako. Foni ntchito yake ndi kuwerengera, ndipo pamenepo imathandizadi, ndifikapo. Koma amene akuti tumizani pa mobile money pepala likupezani kunyumba, ameneyo ndi wakuba. Ngakhale atakusindikizirani lokongola la chidindo, kukoleji amakafunsa ku ECZ, dzina osapezeka, mwana n'kuchita manyazi, mwinanso kugwidwa.

Njira yake ndi GCE, mayeso a ECZ a anthu amene sali pasukulu, imene ndinadutsamo ine. Paja mukukumbukira kuti Masamu anandigwetsa, ndinapeza 9. Munthu amalembetsa ngati wophunzira wakunja pa sukulu imene ili senta ya GCE, kumayambiriro kwa chaka, mayeso n'kulembedwa nthawi yozizira, cha mu Julayi ndi Ogasiti. Amalipira sabujekiti iliyonse payokha, ndipo palibe womukakamiza kutenga onse kamodzi. Ine ndinganene kuti ayambe ndi atatu. Munthu amene wakhala zaka osagwira buku, tsiku lonse ali chiimire pamsika, madzulo mwana akufuna nsima, akatenga asanu ndi awiri adzangotaya ndalama. Atatu chaka chino, ena chaka chamawa.

Magiredi mumvetse bwino, chifukwa apa ambiri amasokonezeka. Amayambira 1 mpaka 9, ndipo nambala yaing'ono ndiye yabwino. 1 ndi 2 ndi distinction, 3 ndi 4 merit, 5 ndi 6 credit. 7 ndi 8 wakhoza, eya, koma makoleji saiwerengera, 9 ndiye wagwa. Akamati tikufuna ma O level asanu, akutanthauza masabujekiti asanu a giredi 1 mpaka 6, Chingerezi chili momwemo. Ngati akadali ndi maganizo a unesi aja, Chingerezi, Masamu ndi Sayansi sangazithawe.

Dikirani pang'ono... iwe, tsitsa wailesiyo ndikulankhula ndi agogo ako! Pepani, azakhali.

Tsopano za foni. Ine Masamu ndinawamvetsera pa YouTube, osati m'kalasi. Alembe kuti ECZ Mathematics 4024, kapena English 1121, manambala amenewo ndi a masabujekitiwo, apeza aphunzitsi a konkuno akuyankha mafunso a zaka zam'mbuyo pa bolodi, funso ndi funso. Ubwino wake mphunzitsi wa pa foni satopa, umamubweza kakhumi osakukalipira. Ndinali ndi kabuku ka masamba 96 kamene ndinkasunga m'chikwama cha ndalama kusitolo kumene ndinkagwira ntchito ku Kamwala. Makasitomala akachepa masana, ndinkaimitsa vidiyo pakati, kuyesa funsolo ndekha, ndiyeno kuitsegula ndione pamene ndalakwitsa. Kungoonera ngati filimu sikuthandiza ayi, umagona ukuganiza kuti wamva, m'mawa mutu uli mbee. Palinso Khan Academy, yaulere, yabwino pobwerera ku ma fraction ndi algebra ngati maziko anagumuka, kungoti siitsata silabasi yathu, ndiye asakhalitsepo. Mabandulo ndiwo amadya ndalama. Agule la usiku, kaya ndi Airtel, MTN kapena Zamtel, atsitse mavidiyo a sabata yonse, azionera opanda intaneti.

Magulu a WhatsApp a ma past paper alowemo, koma akaona wina akuti ndili ndi likeji, lipira K200, atulukemo tsiku lomwelo. ECZ ikakupeza ndi zimenezo imafafaniza zotsatira zako, chaka chonse chapita m'madzi.

Koma foni yokha, kunena zoona, anthu ambiri siiwafikitsa. Pamafunika munthu wokuchongera. Kompozishoni ya Chingerezi ungalembe masamba awiri, ndani akuuze kuti yasokonekera? Sukulu zambiri za boma zili ndi makalasi a madzulo a GCE, afunse pa sekondale imene ili pafupi ndi kwanu. Kulinso ZACODE ku Luanshya, koleji ya boma yophunzitsa anthu ali kwawo, amawerenga mabuku awo kunyumba. Ma tyushoni senta ali mbwee m'makomboni, ena ndi abwino, koma apa mumve zimene zinandichitikira. Chaka changa choyamba ndinapereka ndalama ya mayeso kwa mwini tyushoni wina, ati ndikulembetsera ndine, usavutike. Ndinawerenga miyezi isanu. Nditapita kukaona dzina langa pa senta, mulibe. Bambo uja foni yake osagwira, chitseko chili ndi loko. Ndiye msuweni wangayo akalembetse yekha, ndi miyendo yake, aone dzina lake ndi tsiku lobadwa kuti zalembedwa monga zilili pa chitupa chake cha NRC, lisiti alijambule pa foni ndi kulisunga.

Mwina mwamvanso za GED, poti imatuluka kwambiri munthu akafufuza pa Google. Imeneyo ndi ya ku America, masabujekiti anayi, amalipira m'madola, ndipo pepala lililonse lakunja limayenera kudutsa ku ZAQA, bungwe la boma loona za masatifiketi, kuti alione ngati likufanana ndi lathu. Ya Cambridge, IGCSE, imalembedwa kudzera ku British Council kuno ku Lusaka, ndi yeniyeni, koma mtengo wake si wa ife a salaula.

China chimene mwina simunachiganize: kubwerera m'kalasi kwenikweni n'kololedwa. Lamulo lakuti mtsikana akabereka abwerere kusukulu lilipo kuyambira 1997, ndipo kuyambira 2022 sukulu za boma salipiritsa fizi mpaka Giredi 12. Ine sindikumuona atavala yunifolomu pakati pa ana aang'ono, ndipo bizinesi ingafe, koma mumufunse mwini wakeyo, musamusankhire. Asazengerezenso, chifukwa silabasi yatsopano inayamba mu 2025 ndi Fomu 1, ndiye ndi bwino alembe zimene anaphunzira kale zisanachoke.

Loweruka ndibwera ndikaweruka, ndili ndi mapepala a Masamu ndi Biology a zaka zingapo, ali m'sutikesi pansi pa bedi. Mumuuze afunefune NRC ndi pepala lake la Giredi 9, ndipo alowe m'gulu lathu la pa foni lino alankhule yekha, asamangotuma inu. Ndalama ya Chingerezi ndilipira ndine, achimwene ku Kabwata mwamvatu, Masamu ndi anu. Batire ikutha, azakhali, mupereke moni kwa onse kunyumba.