Nolan, Cameron kapena Spielberg? Yankho langa lochokera pa Nchalo

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa Christopher Nolan, James Cameron ndi Steven Spielberg dolo ndani pa kutsogolera mafilimu akuluakulu. Ine ndikuyankhani ngati munthu amene ndinakulira m'zinyumba za vidiyo za pa Nchalo, zija za malata, zotentha ngati uvuni mwezi wa Okutobala, jenereta ikulira kuseri.

Kumeneko dzina la wotsogolera filimu panalibe wolidziwa. Tinkangoti "lero kuli ya Rambo", "mawa ya Komando". Terminator 2 ya 1991 nayo inali "ya Komando" chifukwa cha Arnold Schwarzenegger, osadziwa kuti mwini nzeru zonsezo ndi Cameron. Ndipo ine Cameron ndimamuika patsogolo pa chifukwa chimodzi: filimu yake umaitsatira ngakhale Chingerezi chikukupita pambali. Titanic ya 1997, imene inatenga mphoto 11 za Oscar, ndinaionera ndi azakhali anga omwe amalankhula Chisena chokhachokha. Madzi atayamba kudzaza zipinda za pansi, anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Ona, amphawi ndiwo awatsekera." Palibe anawamasulira. Ife a kuchigwa kuno madzi akamakwera m'nyumba timadziwa mmene mtima umachitira. Avatar ya 2009 ndi chimodzimodzi: alendo abwera kudzalanda malo, eni nthaka akana. Ndani samva zimenezo?

Nolan sindikumunyoza ayi. The Dark Knight ya 2008 ndaibwereza kangapo, ndipo Oscar ya wotsogolera bwino imene analandira mu 2024 chifukwa cha Oppenheimer inamuyenera. Koma mbiri yake imakula kwambiri pakati pa anthu okonda kutsutsana filimu ikatha. Inception ndi maloto m'kati mwa maloto ena. Tenet ya 2020 ndiye mayo ine, zipolopolo zikubwerera mu mfuti, anthu akuyenda chambuyo, nyimbo n'kumaphimbanso zimene akulankhula. Ndinaionera yomasuliridwa m'Chichewa, DJ wake anafika pongoti, "Apa abale tiyeni tingoonera limodzi." Anyamata theka anatuluka kukagula mafirizesi. Oppenheimer nayo ndi maola atatu, nthawi yambiri azibambo a masuti akukambirana m'zipinda. Kaiikeni pa Ngabu tsiku la msika muone ngati mabenchi angadzaze.

Spielberg ndi gogo wa onsewa. Jaws ya 1975 ndi imene inatsegula njira ya mafilimu oterewa, ndipo mu 1993 anatulutsa Jurassic Park ndi Schindler's List chaka chimodzi chomwecho. Kungoti zake zaposachedwa, monga The Fabelmans, sizikokanso chikhamu ngati kale.

Ena amatchulanso Michael Bay. Ma Transformers ake ana amawakonda, zoona, koma afunseni mawa lake kuti nkhani inali yotani, angokuuzani za magalimoto osanduka ziloboti.

Mukatsika Thabwa pa Khirisimasi mubwere ndi Tenet pa fulashi, ine ndikonza Titanic, tikawaikire azakhali aja.