Zimene chivomezi chimachita ku matope a pansi pa nyanja

Achimwene, mwafunsa ngati chivomezi chimasintha kanthu m'matope a pansi pa nyanja zakuya, poti kumeneko kulibe nyumba zoti zigwe. Chimasintha ndithu, ndipo chitsanzo chomveka bwino ndi chivomezi cha ku Tohoku, m'dziko la Japan, chimene chinachitika pa 11 Malichi 2011.

Masiku onse matope amaunjikana pang'onopang'ono pansi pa nyanja, moti mabakiteriya amakhala ndi nthawi yokwanira yowoletsa zotsalira za ndere ndi tizamoyo takufa pogwiritsa ntchito okosijeni wa m'madzi. Koma nthaka itagwedezeka tsiku limenelo, matope a m'malo otsetsereka anakokoloka n'kutsika ngati madzi osefukira mpaka kukathira m'chiphompho cha Japan Trench, chomwe kuya kwake ndi pafupifupi mamita 8,000. Akatswiri anawerengera kuti kaboni wochokera ku zamoyo woposa matani 1 miliyoni anatsikira m'menemo chifukwa cha chivomezi chimodzichi.

Pamene pagona nkhani ndi pa kukwirira kwadzidzidziko. Matope atsopano akaphimba akale, okosijeni wa mkati mwake amatha msanga, ndipo mabakiteriya amatembenukira ku michere ina ya m'matope ndi m'madzi imene imalowa m'malo mwa okosijeni: amayamba ndi nitrate, kenako manganese ndi chitsulo, pambuyo pake sulfate, ndipo zonsezi zikatha tizamoyo tina timayamba kutulutsa mpweya wa methane. Amene munapondapo matope akuda a kudambo n'kumva fungo la dzira lowola mwakumanapo kale ndi ntchito ya mabakiteriya odya sulfate, kungoti m'nyanja zimachitika mumdima ndi m'madzi ozizira kwambiri. Kaboni wina saola n'komwe. Amangotsekeredwa pansipo kwa zaka zikwizikwi.

Chivomezicho chinang'ambanso miyala ya pansi, madzi amene anali m'ming'alu n'kufinyikira kunja, ndipo ofufuza anapeza methane ndi manganese wochuluka m'madzi a pafupi ndi pamalopo.

Kwa ine chogometsa kwambiri n'chakuti matope okokoloka chotere amasiya mzere wake wosiyana ndi matope ena. Akatswiri akazika mipope yaitali m'chiphomphocho, monga anachitira mu 2021, amatulutsa matope osanjikizana, ndipo pansi pa mzere wa 2011 amapezanso wa chivomezi cha Jogan cha m'chaka cha 869, chomwe mabuku akale a ku Japan anachilemba pamodzi ndi mafunde amene anamiza chigwa cha Sendai.